Kuchoka ku Area 15 kupita kunyanja: mafunso a wapaulendo m'chilimwe

Okutobala akalowa, funso m'maofesi a ku Capital Hill ndi m'magulu a WhatsApp a ku Area 15 limakhala limodzi: chaka chino tikupita kunyanja? Tchuthi cha Anakubala pa 15 Okutobala chinasanduka kalekale tsiku la kunyanja, ndipo chikangodutsa anthu amayamba kuwerengera Khirisimasi. Komabe ambiri a ife a mu Lilongwe timangodziwa Senga Bay. Timanyamuka m'mawa, kusamba masana, n'kubwerera mdima utagwa, ana atagona kumbuyo ndi mchenga m'tsitsi. Nyanjayi ndi yaitali makilomita opitirira 550, ndipo mayankho awa ndi a munthu amene akufuna kuyenda m'mbali mwake kwa masiku angapo.

Kodi nthawi yabwino yopitira ndi iti?

Yambani mwafunsa za mphepo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kulowa mu Seputembala, kumawomba mwera. Ukadzuka, nyanja imachita mafunde aakulu, asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndipo a zanyengo amachenjeza pa wailesi kuti anthu asalowe pamadzi. Umatha kuwomba masiku awiri kapena atatu osaleka. Amene analipira malo ogona kuti akawoloke kupita pachilumba amathera tchuthi pakhonde atavala juzi.

Kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka pakati pa Novembala nyanja nthawi zambiri imakhala bata, madzi ali mbee, moti nsomba mumaziona muli m'boti. Chovuta ndi kutentha. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, pomwe nyanja ili pa mamita osakwana 500, ndiye mukangoyamba kutsetsereka kupitirira Mvera thupi limadziwiratu kuti mwalowa kwina. Kuyambira mu Disembala mvula imasintha zinthu: mitsinje imakhuthulira matope m'nyanja, ndipo misewu imavutika. Kumayambiriro kwa 2024 madzi osefukira anadula msewu wa M5 cha ku Dwangwa.

Ine ndinganene kuti ngati simukonda khwimbi la anthu ndi zimkuzamawu, tsiku la Anakubala lenilenilo musiyireni amene amalikonda, inu mupite sabata yotsatira. Chimodzimodzinso masiku a zoimbaimba monga Sand Music Festival, imene anayambitsa malemu Lucius Banda: zipinda zimatha msanga, mitengo imakwera.

Tili ndi masiku anayi kapena asanu. Tingathe kuona Cape Maclear, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Likoma ulendo umodzi?

Ayi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pamapu malowa amaoneka oyandikana, koma pamsewu mudzathera tchuthi chonse mutagwira chiwongolero. Sankhani mbali imodzi. Masiku awiri akwanira Salima ndi Senga Bay: makilomita pafupifupi 100 kufika pa boma la Salima pamsewu wa M14 umene umapatuka ku Kanengo, kenako ena pafupifupi 20 kufika kumadzi. Masiku anayi ndi a kummwera, ku Monkey Bay, Cape Maclear ndi Mangochi. Kumpoto, kudzera Nkhotakota mpaka Nkhata Bay, kumafuna masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Likoma ndi ulendo wapaokha, ndipo masiku ake amakuwerengerani ndi sitima.

Tikasankha kummwera, tidzere njira iti?

Njira ndi ziwiri, ndipo chanzeru n'kupita ndi ina, kubwerera ndi ina. Popita tsatani M1 kulowera ku Dedza, mulipire pa geti ya Kalinyeke, ndipo mukadutsa boma la Dedza mukhote pa Masasa n'kutsika Khwekhwerere kukafika pa Golomoti. Msewu uwu ndi wokhotakhota komanso wotsetsereka zedi. Tsikani ndi giya yaing'ono. Amene amangopondereza mabuleki kuyambira pamwamba amayamba kumva fungo la kupsa asanafike pansi. Kumwamba kukayera, chigwa chonse chimaoneka, nyanja ikung'anima kutsogolo. M'mbali mwa msewu muli anthu aluso osema tigalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa, tokhala ndi mawilo ozungulira ndi zitseko zotseguka. Imani pamalo otakasuka, osati pakona, ana asankhe kawo. Kuchoka pa Golomoti msewu wa M10 umakutengani kulowera ku Monkey Bay. Ulendo wonse ndi makilomita opitirira 200.

Pobwerera tsatani M5 kulowera kumpoto kudzera Mua ndi Chipoka mpaka Salima. Pa Mua musangodutsa. Mishoni ya pamenepa anaitsegula ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsapo KuNgoni, malo osungira ndi kuphunzitsa chikhalidwe ndi luso losema. Nyumba yake yoonetseramo zachikhalidwe, yotchedwa Chamare, ikufotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka maliro, ndipo muli zigoba zambirimbiri za gule wamkulu. Ola limodzi silikwana. Ngati m'banja mwanu muli akuluakulu amene amasunga mwambo wa kudambwe, auzeni zimene zili m'katimo asanalowe.

Ku Cape Maclear kuli chiyani choposa mchenga?

Musanafike ku Monkey Bay mumakhotera kumanzere, n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 pakati pa mapiri, anyani atakhala m'mbali mwa msewu. Panjira pomwepo pali Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu cha mizeremizere. Dera limeneli ndi la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tokhala m'miyala, timene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko. Tengani chiphaso cha unzika, pakuti mtengo wolowera wa Amalawi ndi wotsika kuyerekeza ndi wa alendo akunja.

Eni maboti adzakupezani musanatsitse n'chikwama chomwe. Gwirizanani mtengo muli kumtunda, ndipo mumvane bwino kuti ulendowo ukufika pati ndipo utenga maola angati. Ambiri amapita ku chilumba cha Thumbi kapena ku Otter Point. Akakupatsani galasi loonera pansi pa madzi, ngakhale wosadziwa kusambira angathe kuima pamwala madzi ali m'chiuno, kuviika nkhope, n'kuona mbuna za buluu ndi zachikasu zikuzungulira miyendo yake. Pobwerera mwini boti amaimba mluzu, kuponya nsomba pamadzi, ndipo nkhwazi imachoka mumtengo n'kudzaitola ndi zikhadabo osanyowetsa mapiko.

Pafupi pomwepo pali manda a amishoni. Apa ndi pamene a mishoni ya Livingstonia, mmodzi wa iwo Dr Robert Laws, anayamba kumanga mu 1875. Malungo atawatha anzawo anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako kukwera phiri la Khondowe mu 1894. Amene angapite kumpoto chaka china adzakhala akutsata mapazi omwewo.

Ngati tsiku latsala, pitani pa boma la Mangochi. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Gwendolen imene inawombera sitima ya Ajeremani panyanja pano mu Ogasiti 1914, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946.

Nanga kumpoto? Ena amati msewu wake ndi wotopetsa.

Sakunama. Pakati pa Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, M5 ili ndi malo ena opapatiza, m'mbali modyeka, ndi milatho ina yodutsa galimoto imodzi nthawi imodzi. Njinga, mbuzi ndi mathiraki muli nazo pamodzi. Funsani oyendetsa mabasi mmene msewu ulili sabata imene mukunyamuka. Koma kwa ine mbali imeneyi ndiyo ili ndi zambiri.

Nkhotakota ili makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Salima, ndipo anthu ambiri amangoimapo kugula mpunga. Tauni imeneyi inali likulu la a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene kuyambira cha m'ma 1840 ankawolotsa akapolo ndi minyanga pa zombo kupita kutsidya, paulendo wa ku Kilwa. Mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe uli m'dera la mishoni ya Anglican, kufupi ndi chipatala cha St Anne's, ndipo m'tchalitchi cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene. Mwana amene anangoziloweza izi pokonzekera mayeso amazimva mwina akaima pansi pa mtengowo.

Kumadzulo kwa tauniyi kuli nkhalango ya Nkhotakota, imene a African Parks anayamba kuyang'anira mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. M'nkhalangomo mumadutsa mtsinje wa Bua, umene mpasa zimakwera kuchokera m'nyanja kukaswana. Tsiku limodzi la m'tchire pakati pa masiku a pamchenga limawasangalatsa ana kuposa mmene makolo amaganizira.

Mukadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa ndi kuwoloka Dwambazi, mwalowa kwa Atonga. Nsima yake ndi kondowole. Idyeni ndi nsomba yamsuzi, mudzamvetsa chifukwa chake eni ake salola kuti muinyoze. Ku Kande ndi Chintheche mchenga ndi woyera, gombe lotakasuka, anthu ochepa, ndipo tchalitchi chakale cha Bandawe chili pafupi. Mukaona chinthu ngati utsi wakuda chikukwera pakati pa nyanja, si sitima ikupsa: ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kumeneko amakola n'kupanga ndiwo. Kutsogolo msewu umalowa mumthunzi wa mitengo ya labala ya ku Vizara, kumene anyamata amadumphitsa mipira yalabala pa tala kuti muione n'kuima. Ku Nkhata Bay, pitani pa chikumbutso cha anthu amene anawomberedwa padoko pa 3 Malichi 1959, pomwe anakana kuti atsogoleri awo atengedwe pa sitima ya Mpasa. Pobwerera mungathe kukwera ku Mzuzu, makilomita osakwana 50, n'kutsika ndi M1 kudzera Chikangawa ndi Kasungu.

Galimoto tiikonzekeretse motani?

Mafuta poyamba. Zaka zapitazi taona mizere ya mafuta ikubwera n'kupita osachenjeza, ndipo ikavuta mu Lilongwe, kunyanja imavuta koposa. Nyamukani thanki ili yodzaza, ndipo paliponse pamene mwapeza mafuta onjezerani ngakhale muli ndi theka. Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu ndi odula, ndipo simudziwa chimene asakanizamo.

Onani tayala lapadera ngati lili ndi mpweya, jeke, sipanala, madzi a mu injini. Laisensi, inshulansi ndi COF zikhale zosatha masiku, pakuti marodibuloko alipo ambiri, ndipo apolisi a pamsewu amakonda kuima ndi kamera polowera m'matauni ang'onoang'ono, pamene liwiro liyenera kutsika. Chachikulu koposa: musayende usiku pa M5 kapena pa Khwekhwerere. Njinga zambiri zilibe nyali, ng'ombe zimagona pa tala, ndipo galimoto yofa imangoikiridwa nthambi. Konzani kuti pofika 4 koloko madzulo mukhale mutafika kogona.

Tilibe galimoto. Ulendowu ungatheke?

Ungatheke, ndipo wa ku Salima ndiye wosavuta. Maminibasi ndi ma Sienta amapezeka ku depoti ku Old Town ndi ku Kanengo. Kwerani imene yatsala pang'ono kudzaza, ndipo chikwama chanu musachipereke kwa oitanira musanaione galimotoyo ndi maso anu. Pa Salima mupeza matola ndi njinga zamoto zopita ku Senga Bay. Ku Monkey Bay ndi Cape Maclear konzekani kusintha galimoto kangapo, ndipo lawirani m'mamawa, chifukwa chigawo chomaliza cholowa m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear chimavuta dzuwa likapendeka. Ku Nkhata Bay ambiri amakwera basi yaikulu ya ku Mzuzu n'kutsika ndi galimoto yaing'ono. Ngati muli anthu khumi kapena kuposerapo, a kutchalitchi kapena a kuntchito, kuchita hayala minibasi kumatchipa. Ingouzanitu dalaivala kuti botolo lake akalitsegule akakusiyani ku Lilongwe.

Ilala ikadayendabe? N'koyenera kukwera ndi ana?

Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka Chilumba, n'kubwerera pakati pa sabata yotsatira. Koma ndi nkhalamba. Imapita kokonzedwa, imachedwa ndi katundu, imachedwa ndi mwera. Imbani foni ku ofesi yake sabata yomweyo, ndipo musaike tsiku lobwerera kuntchito m'mawa mwa tsiku limene sitima ikuyembekezeka kufika.

Kwa anthu a m'zilumba Ilala si yosangalalira. Pansi pamadzaza matumba a chimanga, malata, makatoni a sopo, usipa wouma ndi anthu ogona pakatundu wawo. Pamwamba pali mphepo ndi malo oyala mphasa, ndipo pali tizipinda tochepa tofunika kusungitsa msanga. Pamene palibe doko, sitima imaima patali ndipo timaboti timatuta anthu, nthawi zina usiku, ndipo mumatsikira m'madzi ofika m'maondo. Foni ndi ndalama zikulungeni m'pulasitiki. Ndi mwana wa m'manja sindingakulimbikitseni. Ana a sukulu sadzauiwala ulendowo.

Kuchokera ku Lilongwe, njira yabwino yopitira ku Likoma ndi kukakwerera ku Nkhata Bay. Chilumbachi chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, mapiri a ku Cobué akuoneka pafupi, milambe ili ponseponse. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, chimadabwitsa aliyense ndi kukula kwake pa kachilumba kotere. Boti lamatabwa lodzaza mpaka m'milomo, ngakhale litchipe bwanji, lilekeni lipite.

Za likodzo ndi ng'ona, ndi zoona kapena n'zongoopseza?

Ndi zoona, koma si zoletsa ulendo. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, makamaka a m'mabango ndi oyandikana ndi midzi, ndipo timalowera pakhungu. Simufunika kumwa madziwo kuti mudwale. Sambani pamalo a mchenga kapena miyala pamene mafunde amamenya. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma amagwira bwino tizilomboto tikakhwima, n'chifukwa chake kumwa tsiku lobwerera sikuthandiza kwenikweni. Dikirani masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, mupite kuchipatala, mukawauze kuti munasamba m'nyanja. Malungo ndiye afulumira: gonani m'neti, ndipo wina akatentha thupi mutabwerako akayezetse tsiku lomwelo.

Ng'ona ndi mvuu zimakonda mathiriro a mitsinje monga Linthipe ndi Bua, madambo, ndi kumene Shire amatulukira. Funsani eni dera pamene iwo amasamba, ndipo m'bandakucha ndi chisisira khalani kumtunda.

Koma chimene chimabweretsa maliro ambiri pa tchuthi ndi kumira. Ambiri a ife okulira m'tauni sitidziwa kusambira, ndipo mowa umatinamiza kuti timadziwa. Machubu obwereketsa aja ndi achinyengo: kamphepo kochokera kumtunda kamakukankhirani kwakuya pang'onopang'ono, mukamazindikira mapazi sakugundanso pansi. Pakhale wamkulu mmodzi wosamwa amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi. M'boti funsani majekete oyandamitsa musanakwere. Akati alibe, funani boti lina.

Malo ogona ndi ndalama, tichite bwanji?

Alipo a thumba lililonse, kuyambira mahotela monga Sunbird Livingstonia ku Senga Bay ndi Sunbird Nkopola ku Mangochi, mpaka nyumba zobwereka zophika nokha ndi malo okhomapo tenti. Kwa banja lalikulu nyumba yophika nokha ndiyo imapulumutsa: mumanyamula ufa, mpunga, mafuta ndi makala kuchokera kuno, ndiwo mukagula konko. Funsani ngati pali mtengo wa Amalawi. Funsaninso chimene chimachitika magetsi akazima, chifukwa usiku wa Okutobala ku Salima wopanda fani ndi chilango. Ndipo pemphani chithunzi cha sabata ino. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi zipinda zina, kotero chithunzi chakale chingakuonetseni mchenga umene kulibe. Musatumize ndalama ku nambala imene mwangoiona pa Facebook musanatsimikize kuti ndi ya eni malo.

Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito malo ambiri, koma netiweki imathawa ndipo ma ejenti ndalama zimawathera pa tchuthi. Tapani ndalama pa boma, ku Salima, Mangochi, Nkhotakota kapena Nkhata Bay, musanalowe m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Pali zimene alendo a m'tauni timalakwitsa kwa eni dera?

Zilipo. Gombe limene ife timaliona ngati malo opumulira, kwa iwo ndi pantchito ndi pakhomo. Pamenepo amayanikapo makoka, amatsukapo mbale, amaika mathandala a usipa, ndipo m'midzi yambiri amayi ali ndi posamba pawo, abambo pawo. Musadutse ndi kamera pamalo oterowo, ndipo musajambule ana a eni osapempha. Zovala zosambira zithere kumadzi. Polowa m'mudzi kapena pamsika mangani chitenje, valani malaya, makamaka ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kumene Asilamu ndi ambiri. Mabotolo osweka amene timasiya pamchenga amacheka ana oyenda opanda nsapato ife titapita.

Nsomba yobwera nayo kunyumba tigule kuti, ndipo tiisunge bwanji?

Gulani m'mawa wa tsiku lobwerera, padoko, maboti akamafika. Yabwino imakhala ndi maso owala ndi thupi lolimba, ndipo mukatsegula m'mbali mwa mutu mkatimo mumakhala mofiira. Chambo chinachepa ndipo mtengo wake ukuchitira umboni, choncho musanyoze kampango, mcheni, utaka kapena usipa wofutsa. Kasawala, ana a chambo, musagule ngakhale akutsitsireni motani. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu Novembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo ku chilumba cha Mbenje ku Salima ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950. Wogulitsa chambo chambiri motchipa m'miyezi imeneyo mufunseni kumene wachitenga.

Chizolowezi chathu chopachika nsomba pa galasi la m'mbali chimauza aneba onse a ku Area 15 kuti mwachokera kunyanja, ndipo kuchokera ku Senga Bay, ulendo wa maola awiri, nsomba imafika bwino. Kuchokera ku Nkhata Bay kapena Cape Maclear dzuwa la Okutobala limaiwononga musanafike theka la njira. Ichotseni zam'kati padoko pomwepo, muiike m'bokosi la ayezi, ndipo ayeziyo mugule dzulo lake, chifukwa m'mawa wa tchuthi amatha msanga.